Ya Msewu wa ku Chingale

Ku Matawale, pabwalo la a Ntaukira,
zandanda ngati operekeza mkwatibwi,
zonyezimira, mimba zikukhudza udzu.
Mnyamata wogulitsa akuti,
"Mayi, iyi imamwa mafuta ngati mpheta."
Ndamufunsa ngati inakumanapo ndi Lisanjala
atakwiya mu Febuluwale.
Wakanda mutu.

Zaka makumi atatu ndinasanja zilembo ku Pulinti ya Boma.
Penshoni ndi imodzi, siswa ana.
Ndikusamukira kuseri kwa phiri
komwe ndakumba chitsime, ndabzala nandolo,
ndakhoma sola padenga,
komwe chipatala chili kutali ngati lonjezo la kampeni.

Kumpanda uko kwatsamira ina yakale,
yamiyendo italiitali,
chitseko chimodzi chobwereka,
yonunkha dizilo ndi matemba a ku Kachulu.
Asibu makaniko wagona chagada kunsi kwake
nthawi yokwana kupsa nyemba.
Watuluka nkhope ili bii, mano mbee:
"Dzimbiri silinafike pa fupa.
Mateyala onse anayi amakoka.
Ikakomoka, waya ndi sipanala ziidzutsa;
zinazo zimalira kompyuta ya ku Limbe."

Ndakwinya chitenje, ndakwera.
Wailesi mulibe.
Chiwongolero n'cholimba ngati mpini watsopano.
Ndailiza. Yatsokomola kawiri,
kenako yabangula, nkhuku za eni n'kuti balala.

Mwana wanga pafoni:
"Amayi, mutichititsa manyazi."
Ndati manyazi sawolotsa munthu mtsinje.

Mawa ndipakira feteleza, malata anayi,
ndi tonde yemwe ndinalipira kale ku Songani.
Asibu wandipatsa chingwe chokokera.
Akuti si cha ine ayi,
n'cha omwe ndikawapeze atatitimira.