Kapepala ka Pagalasi

Anabwera Lachiwiri ndi makwerero,
anyamata awiri a maovolosi,
nakhoma chikwangwani pamtengo wa magetsi
womwe ndimatsamira poothera dzuwa mu Juni.
Chikuti malo ano ndi a eni msewu,
yopanda chiphaso idzakokedwa.

Ndinawerenga kawiri. Kachitatu ndinawerenga ndi chala.

Msewu uno wa ku Melville ndausesa zaka khumi ndi chimodzi.
Ndikudziwa geti lolira ngati mbuzi,
galu wa nambala 14 wodana ndi njinga zokha,
pamene madzi amadikha mvula ya matalala ikadutsa,
ndi muzu wa jakaranda umene unang'amba phula
n'kumapunthwitsa aliyense kupatula ine.

Galimoto yanga ndi yamsinkhu wa mwana wanga woyamba,
yofiira ngati katondo,
chitseko cha kumbuyo chimatseguka ukachinyengerera.
Ndinaigula ndi minga ya maluwa a anthu
ndi kapinga wa makomo asanu ndi awiri.
Disembala uno ndikufuna iwoloke pa Mwanza,
ikaime pakhomo ku Lirangwe,
Nachuma akatuluke atagwira pakamwa.

Kumsonkhano wa komiti kunali tiyi ndi mabisiketi.
Mayi Oosthuizen, a mandala a pachingwe,
anandimwetulira bwinobwino.
Bweretsani bilu ya madzi ya dzina lanu, anatero.
Madzi ndimamwa ndithu, amayi,
pampopi wa kuseri kwa galaja,
koma sanandifunsepo dzina.
Nanga kalata ya lendi?
Lendi yanga ndi kudulira mpanda Loweruka.
Anadina cholembera, thi, thi,
nati pepani, malamulowa sitinalembere inu.
Ndinagwedeza mutu. Zimenezo ndinali nditaziona kale.

Pemiti ya m'pasipoti ndinaiimira pamzere
mpaka mapazi anaiwala mwini wake.
Sindinkadziwa kuti galimoto nayo imakhala yobwera.

Ndiye madzulo alionse ndakhala ndikuiperekeza
ngati chibwenzi chosadziwika kwa makolo,
misewu inayi kutsetsereka, kuseri kwa malo omwetsera mafuta,
kumene Bhekani amailondera pa marandi makumi awiri
tulo tikamulola.
Lachinayi tulo sitinamulole.
Galasi la kumanzere linapita, n'kusiya waya uli lende.

Pobwerera wapansi ndimawerenga mipata.
Dzana inalipo isanu ndi inayi.
Za eni msewu zagona m'magalaja,
kuseri kwa waya wa magetsi wong'ung'udza usiku wonse,
msewu uli yalee
ngati mphasa yoyalira alendo amene sanaitanidwe.

Dzulo a Sequeira a nambala 22 anandikodola ndi ndodo.
Ana awo anawalanda makiyi chaka chatha
maso atachita nkhungu,
galimoto n'kugulitsa ku Benoni.
Koma komiti, poti imatsata mabuku,
inawatumizira kapepala kawo mu envulopu.
Akasunga m'thumba la malaya milungu itatu
pamodzi ndi mapiritsi a mtima.
Sananene zambiri.
Anangoti, Lamulungu udzanditengeko, tikangozungulira,
ndikamveko fungo la mafuta.

Kapepalako n'kobiriwira, kochepa ngati chikhatho cha khanda.
Nambala yolembedwapo ndi ya galimoto ina
imene mwina ikunyamula simenti kwina kwake.
Ndinakamata pagalasi, m'munsi, kumanzere,
ndikusisita ndi chala chachikulu mpaka thovu lomaliza litatuluka.

Usiku uno yaima pansi pa mtengo wanga,
ndati wanga, mundikhululukire,
masitepe makumi atatu kuchokera pamene ndagona.
Sindikugona. Ndikumvetsera tcheni la okoka aja.
Lori iliyonse yodutsa ikundidutsa pamimba.

Kunjaku jakaranda akuyoyola maluwa ake
pa aliyense, osafunsa bilu.
Mawa ndidzasesa onse, monga mwa masiku onse.
Ndikungopempha limodzi lokha,
lonyowa bwino ndi mame,
ligwe pagalasi, m'munsi, kumanzere,
lidzamatirire pa nambala
mpaka mlonda wa komiti atadutsa.