Lolemba ndi Lachinayi

Lolemba ndimatsika basi pa Brás
kukakodzera m'kabotolo.
Namwino Jurema amaviikamo kapepala, tonse n'kudikira.
Mkodzo ukayera amandipatsa kuponi.
Ya sabata yatha ndinagulira Tainá nsapato za kusukulu.
Jurema sandifunsa za bambo anga, safuna zifukwa.
Mkodzo sunama, amatero, kwinaku akuvula magulovu.

Lachinayi n'kwa Valdeci, pamwamba pa shopu ya buledi,
mipando ili mozungulira, khofi atazizira kale.
Kumeneko kulibe mphatso.
Amafuna nditchule ola limene chibaba chimandigwira pakhosi,
mphambano iti, nyimbo iti, foni ya ndani.
Thukuta kamukamu.
Ndimanamako pang'ono, iye n'kungondiyang'ana.

Mlongo wanga akuti ndisankhe kumodzi,
mapanga awiri avumbwitsa.

Koma makuponi adzatha mu Juni,
ndipo mawu a Valdeci sagula mkaka.
Loweruka usiku, malipiro ali m'thumba,
kokeni akamandiitana ndi dzina langa la paubwana,
makomo onse awiri amakhala otseka.
Ndimakhala pa masitepe, manja m'khwapa,
kuwerenga mabasi opita ku Itaquera.
Dzulo ndinafika pa sikisite-foro
tulo tisanandibe.