Mphambano ya Wamatsenga ku Chikanda

Magetsi anathima tisanakhale pansi.
Upile anayatsa kandulo pasosala yobenthuka,
mvula ya Januwale ikugogoda malata
ngati yabwera kudzatenga lendi.
Tinali anayi patebulo la miyendo itatu,
mwendo wachinayi unali mabuku a Ndaziona.

"Wamatsenga wako wakula," anatero Upile.
"Miyezi isanu ndi iwiri ukumuyendetsa m'thumba,
pepala lake lada ngati ndalama ya m'minibasi.
Lero wafika pamphambano.
Asankhe njira imodzi, ndipo kumeneko sabwererako."

Sitimati mfiti. Mawu amenewo amaboola khoma,
ndipo mayi Namaona, eni nyumba,
amagona khutu lili kuno.
Tsiku lija anapeza madayisi pakhonde,
tinati ndi masamu.
Anati, masamu ake ati oseketsa chonchi?

"Tenga moto, iwe!" Ndaziona anakuwa monong'ona.
"Chilombo cha pamlatho chija
chikanapsa ngati chimanga cha padepoti."
Iye wake ndi wankhondo, nkhwangwa paphewa.
Kwa iye chilichonse ndi chikuni.

Upile anatembenuza tsamba.
Njira yophimba m'maso:
kuitana nkhungu ngati yotsika Ku Chawe
yomwe imaba phiri lonse masanasana.
Tiferanji anaseka. "Imeneyo unaimaliza kale,
suja umawauza amayi ako kuti maphunziro akuyenda?"

Yolosera zamawa ndinailumpha.
Ndinaimapo pabolodi la zotsatira za mayeso.
Mawa ndimamudziwa, safunika kumuthamangira.

Kenako tsamba lopindika pakona.
Kulankhula ndi akufa:
mafunso atatu, ndipo wakufayo sanganame.
Chala changa chinaima pamenepo
ngati mbuzi yokana kuwoloka Likangala.

Achimwene anga a Lingstone
tinawatulutsa m'chipatala chachikulu mu Ogasiti,
kudzera khomo lakumbuyo.
Foni yawo ili m'sutikesi mwanga, yokhoma.
Ndimaitchaja Lamlungu lililonse.
Funso loyamba: nambala yotsegulira ndi chiyani?
Lachiwiri: munadziwa liti, osatiuza?
Lachitatu ndilibe.
Mwina ndikanangoti, mwadzuka bwanji.

Upile anali nawo pamaliro, ananyamula nawo bokosi.
Sanandiyang'ane. Anakonza chingwe cha kandulo
chomwe sichinafune kukonza.
"Ukasankha imeneyo," anatero,
"mawu a akufawo ndizilankhula ndine.
Palibenso wina kuseri kwa katoniyi."

Ndinati dayisi indisankhire.
Ndinaipukusa m'manja, mbali zake makumi awiri,
ndinaiponya.
Inadumpha pamapu, kugwetsa chitsekerero cha botolo
chomwe chinali mfumukazi ya kumapiri,
n'kugwera pansi, n'kulowa kunsi kwa bedi
komwe kuli nsapato ndi mdima.
Palibe anawerama kukaifuna.

Mvula inapuma pang'ono.
Kumsewu kabaza anaimba belu kawiri.

"Yotchinga," ndinatero.
"Iti?"
"Ya patsamba loyamba ija, yomwe tinaidutsa osawerenga."
Ndaziona anagwira kumutu.
"Aise, imeneyo ndi ya alonda!
Umangoima kumbuyo n'kumajambula mizere pansi.
Supha kanthu. Chilombo chikagwa
m'manja amaombera ine."

Ndinapempha pensulo.
Inali yaifupi, yolumidwa kumutu,
yopanda chofufutira.
Ndinalemba pang'onopang'ono
chifukwa pepala linali litafewa popinda.

Kuseri kwa khoma mayi Namaona anatsokomola.
Upile anatsitsa mawu.
"Mwafika pakhomo la phanga. Mukununkha chinyezi,
ndipo m'katimo chinachake chikupuma.
Atsogole ndani?"

"Ine," anatero Ndaziona, asanamalize n'komwe.
Anakankha kamwala kake kulowa mumdima wa pamapu.

"Taima," ndinati.
Ndinajambula kamzere kozungulira kamwalako,
kokhotakhota, kosakumana bwino kumapeto.
Ndinabwerezanso kachiwiri
mpaka nsonga ya pensulo inathyoka.

"Basi, wakwana," anatero Tiferanji.
"Wina abwereke dayisi. Tiyeni tilowe."