Opanda Chitupa

Magetsi athima cha m'ma teni,
jenereta yatsokomola kawiri n'kuvomera.
Patebulo panga pali botolo la madzi a pamjigo wa ku Glen View
ndi kachubu kolembedwa dzina la mwana:
Feliya Mbalule, zaka zinayi, bedi la pafupi ndi khomo.

Madziwo ndi oyera mbee.
Ukhoza kubatizira munthu.

Ndadontheza pagalasi, ndawamba pamoto pang'ono,
ndathira utoto wapepo, kenako ayodini,
ndatsuka ndi sipiriti, ndathiranso wofiira.
A khoma lochindikala amaukakamira wapepo uja.
A khoma lopyapyala amautaya, navala wofiirawo
ngati munthu wosintha malaya polowa m'tauni.

Ndaweramira maikulosikopu.
Ndi awo, ofiira, opindika ngati chikhadabo chowenga.
M'dontho lina losawamba akadali moyo,
aliyense ndi kamchira kamodzi kumbuyo,
kuli zyoli zyoli, kudulana kutsogolo
ngati makombi a pa Mbare Musika Lachisanu madzulo.

Bakiteriya ndi chipinda chimodzi basi.
Ndimachidziwa chipinda chotero, ndinakulira ku Matapi:
mophikira momwemo, mogona momwemo,
khoma kunja, nsalu yotchinga mkati.
Alibe kabati yotsekeramo malangizo a mtundu wake.
Ulusi wa chibadwa wangopiringizika pakatikati
monga chingwe chathu choyanikira zovala mvula ikamagwa.

Ukwati sadziwa.
Safuna ankhoswe, sadikira mwezi.
Amakopera ulusi uja, natalika,
nadzimanga m'chiuno mpaka phwa!
Anali mmodzi, ali awiri.
Mayi ndi uti? Palibe wagona m'chikuta,
palibenso amene tamuika m'manda.
Tiyi wanga asanazizire ali anayi.
Ndikamadzasaina buku lotulukira
adzakhala ochuluka kuposa anthu a Harare yense,
ndi a ku Chitungwiza omwe.

Mnzanga Tsitsi akuyasamula pa sinki.
Kuno dzina lake ndi chifundo,
kwathu ndi zomera kumutu, timasekana nazo.
Iye ndiye amasunga kaundula:
obulungira ngati mikanda m'ndime iyi,
kaya ali mumzere, kaya aunjikana ngati mphesa,
atimitengo ta machesi m'ndime iyo,
opotana ngati sipuling'i ya bolopeni kumapeto.
Ofuna mpweya, odana nawo.
Apepo, ofiira.

Dzanja langa limazengereza pa kaundula ameneyu.
Agogo anga a Jailosi anadzera ku Tete wapansi,
naotcha buledi ku Southerton zaka makumi anayi.
Kalaliki anawayang'ana kamodzi kokha,
nalemba chilembo chimodzi pachitupa chawo chachitsulo,
chonena kuti mlendo.
Anthu ankati alibe mfunda,
chikhalirecho anali Mbewe, mwana wa Mbewe.
Utoto umenewo sunachoke ndi sipiriti.
Unafika mpaka pa amayi anga, obadwira pa Gomo pompa.

Ndiye ine ndimayang'ana kawiri ndisanalembe.
Si onse opindika amene ali ndi mlandu.
Ena amasasitsa mkaka wa chambiko,
ena amalemeretsa nthaka pa mizu ya nyemba
m'timinda ta m'mbali mwa Mukuvisi,
osalandira ngakhale zikomo.

Koma Feliya akutha madzi m'thupi,
maso alowa, khungu ukatsina silibwerera.
Mbale ya dzulo ndaitulutsa m'chofungatira:
pobiriwira paja pamera timadontho tachikasu.
Ndayang'ana kachitatu.
Ndaimba foni ku wodi, ndatchula dzina: kolera.
Onjezani diripi. Auzeni a khonsolo akamange tcheni pamjigo.

Kunja kwayera, msewu wa Beatrice wayamba kulira.
Ndasamba m'manja mpaka m'zigongono, kawiri.
Komabe m'matumbo mwangamu muli khamu losawerengeka,
londigayira chakudya chibadwire,
lopanda chitupa, lopanda ndime mu kaundula wa Tsitsi.
Tikwera tonse kombi ya ku Mufakose,
ndipo kondakitala andilipiritsa mpando umodzi.