Wotola Mpweya wa Ng'ombe

Anafika ku Tacuarembó mu Julaye, chisanu chili pamsipu,
atavala jombo za mlongo wake, zomukulira,
nandifunsa: Aparicio, ng'ombe imageya kangati pa tsiku?
Ndinaseka mpaka hatchi inadzidzimuka.
Ine wokulira m'khola sindinawerengepo.

Nélida Arrospide sanaseke.
Anatsitsa m'galimoto timagoli tapulasitiki, tamphako,
tokhala ndi kapaipi kofika pamphuno.
Yanga inali kugwira mutu,
iye n'kumanga goli pakhosi
akunong'oneza ng'ombe ngati wopepesa.
Kukacha tinkamasula, kulemba nambala,
mpweya n'kukwera basi ya ku Montevideo
monga ena amatumizira ubweya wa nkhosa.

Kugolosale ankati mutu wake sukoka.
Don Eusebio Larrosa, wa ng'ombe zikwi ziwiri,
anamulasa pamaso: Atate anaweta pompano,
thambo silinadandaulepo.
Iye anayamwa mate wake, nabweza chikho,
nati: Chimene ikugeyacho ndi msipu wanu womwewo.
Metheni ndi chakudya chothawira kumwamba.
Mkulu uja anangoti duu,
milomo ikuwerengera yokha.

Chimene sindiiwala ndi chaka chachisanu ndi chiwiri.
Tinafesa m'busa kachomera ka maluwa achikasu,
ndipo manambala anatuluka okoma ngati uchi,
okoma mopitirira.
Ku Ulaya anali atamugulira kale tikiti.
Usiku wina anagogoda pakhomo panga ndi tochi,
tinamiza magoli onse m'chomwera ng'ombe,
limodzilimodzi, zala zitauma gwa.
Khumi ndi limodzi anatulutsa thovu.
Mbewa zinali zitatafuna timapaipi m'shedi.
Anakhala pamtolo wa udzu nthawi yaitali, osalira,
kenaka anapempha cholembera.
Ndinalakwitsa, analemba motero, musandidikire.

Tinayambiranso. Zaka zina zitatu,
mvula, nkhupakupa, chilala chimene chinatilanda ng'ombe zisanu.
Yankho loona linatuluka laling'ono,
losayenera n'komwe chithunzi m'nyuzipepala,
koma mpaka lero palibe amene waligwetsa.

Ophunzira ankabwera ndi nsapato zoyera.
Maite anakomoka tsiku loyamba
ataona ng'ombe yathu ya zenera m'nthiti,
imene tinkapisamo dzanja mpaka paphewa
kutapa udzu wofunda, wowira, wonunkha ngati mowa woola.
Pano Maite ali ndi labu yake kutsidya kwa nyanja.
Yamandú amayendera alimi a mkaka kummwera
ndi mbewu yachikasu ija m'thumba la jekete.
Ndimamva kuti onsewo, ndi ophunzira awo omwe,
sakhulupirira nambala asanamize chida m'madzi.
Za mbewa sadziwa.
Amayesa ndi mmene sayansi imachitikira basi.

Don Eusebio anamwalira asanavomere kanthu,
koma busa lake lakumtsinje limachita chikasu chaka chilichonse.

Lachisanu lapitali anamutsanzika.
Panali nyama yowotcha, zolankhula zazitali,
ndi mbale yasiliva yolembedwa dzina lake
imene mawa lake ndinaipeza ili ndi makiyi ndi misomali.
Makutu ake afooka, bondo lamanzere likukana.
Anthu atabalalika anandikoka mkono mpaka kumpanda.
Ng'ombe zinali zitagona, zikubzikula mumdima,
nthunzi ikutuluka m'mphuno.
Anati: Ndachepetsa pang'ono chabe, Aparicio.
Ndinasowa choyankha.
Ndinamugwirira waya kuti adutse.

Lero m'mawa ndasankha imodzi, ya chipsera pamwendo,
ndakhala pachitsa ndi wotchi m'manja
kuyang'ana khosi lake, zaka makumi atatu ndi zinayi mochedwa.
Ndinafika pa makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu
pamene mwana wang'ombe anakodwa muwaya,
ndipo ndinanyamuka.