Mphindi Khumi ndi Zisanu

Anandipatsa mphindi khumi ndi zisanu.
Ine ndinakonza masamba makumi anayi,
manambala ali mbwee ngati nyerere pa shuga.
Usiku ku Mchini ndinalankhula ndi kabati,
kabati n'kumamvetsera, osatsokomola,
mwana wanga Tiyezye akuwerenga nthawi pa foni:
"Amama, mwapitirira.
Ndiponso mukuchulutsa 'eti'."

M'mawa wanjinga ananditenga pa Kapata,
laputopu ya ku ofesi ili pachifuwa ngati khanda lodwala,
fumbi la Okutobala likumata nsapato
zomwe ndinapukuta kawiri.

Mu holo, mipando yovala zoyera.
Ogula nsawa a ku Lusaka kutsogolo, aliyense ndi botolo la madzi,
alimi a ku Chiparamba kumbuyo, zipewa pa maondo,
Bambo Zgambo, wapampando, diso pa wotchi
ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Ndinayamba kuwerenga khoma.
Msana wanga ndiwo unkalankhula ndi anthu.
Tsamba lachitatu, lachinayi,
mawu akuthamanga ngati njinga yotsika Kanjala yopanda buleki.
Kumanzere wina akutosa foni pansi pa tebulo,
ndinamumva winanso akuyasamula.

Basi malaiti anapita.
Fani anazungulira katatu n'kuima.
Khoma linabwerera kukhala khoma.
"Jenereta ilibe mafuta, madamu,"
anatero mnyamata wa pa hotela, ngati akupepesa maliro.

Ndinatembenuka.
Kani anthuwa ali ndi maso.
Lilime langa gwa, ngati chitsononkho,
maondo akukambirana zothawa.

M'thumba la jekete munali kapepala ka nsawa
zomwe ndinatola dzana pakhonde pa Mayi Nyendwa.
Ndinaswa imodzi. Yofiira, yonenepa.
Ndinaswa ina. Chuku.
"Iyi," ndinatero, "ndiyo inabweza matumba athu mazana awiri
pa geti la fakitale.
Sinaole kumunda.
Inaolera pakhonde, titaiwaza madzi kuti isweke msanga."

Ndinakhala chete.
Sindinkadziwa kuti chete nayenso amagwira ntchito.

Nsawa ija inayenda dzanja ndi dzanja.
Woyasamula uja anainunkhiza, n'kukwinya mphuno.
Foni inagona chafufumimba.
Pa manambala onse aja ndinatchula imodzi yokha,
pang'onopang'ono, kawiri,
ndikuyang'ana mayi wa duku lachikasu kumapeto kwenikweni
mpaka anagwedeza mutu.

Mkono unakwera kumbuyo, wa mitsempha yotupa:
"Tamva. Koma khoko louma limadya zala, ndipo zalazo n'zathu.
Mutiwonjezera zingati pa kilo?"

Yankho silinali pa tsamba lililonse.
"Sindidziwa, bambo," ndinatero,
"koma odziwa akhala apa, akumwa madzi."
Holo inaphulika.
Wa ku Lusaka anaseka naye, kenako anatulutsa bolopeni.

Malaiti anabwera pa mphindi ya khumi ndi chinayi.
Tsamba lachisanu linabuka kumbuyo kwanga,
lonyada, lodzaza mizere yofiira.
Palibe analiyang'ana.
Bambo Zgambo anaiwala wotchi,
akutsutsana ndi mlimi za mtengo wa makina osendera.

Ndinabwerera pansi, kudutsa pa msika,
tsamba makumi atatu ndi asanu ali chigonere mu laputopu.

Pakhomo Tiyezye anandichingamira:
"Mwanena 'eti' kangati?"
Sindinawerenge, mwanangu.
Ndinavula jekete, n'kuikutumula.
Makoko awiri anagwa pa simenti.