Kope la Madzi

Anandipatsa kiyi ndi kope la mizere
tsiku limene tinasankha komiti pansi pa msawu.
Iwe Nyamiti umatha kulemba, anatero,
komanso sulawa kachasu.
Kuyambira pamenepo kiyi wa geti amagona m'chiuno mwanga
pamodzi ndi mikanda.

Lolemba madzi ndi a kumtunda,
Lachitatu a pakati,
Loweruka a kumchira kwa ngalande,
olandira matope ndi achule.
Zuze Khembo sanasonkhe miyezi inayi.
Ndinalemba. Iye akudziwa kuti ndinalemba:
tikakumana pa msika wa Masenjere
amafunsa mtengo wa tomato amene sagula.

Koma kope silinandiuze chochita
mtsinje ukayamba kubwera ndi mchenga m'malo mwa madzi.
Nkhate anaonda mpaka nthiti kuonekera.
Tikafukula ngalande lero ndi mafosholo,
mawa yakwiririkanso.
Mpunga unafiira usanabereke,
ena anayamba kunola ngalawa za kudambo, kokazula nyika.

Ndiye tinautsatira mtsinjewo chokwera,
anthu asanu ndi awiri, dzuwa lili paliwombo.
Zitsa. Zitsa. Uvuni wa makala akufuka.
Chimanga chodzala mpaka kumlomo kwa gombe,
gombe nalo litagumuka ngati chiswe chadya khoma.
Lamulo lathu lilipo, tsamba lachinayi,
chindapusa chake cholembedwa ndi inki yofiira.
Palibe analipirapo.

Kenaka mphepo inazizira.
Mikuyu, mitondo, mizu yolukana m'madzi,
dziwe lakuya lofika m'khosi,
timba akulira osationa.
Anali manda.

Tinapeza a Alufandika, mkulu wa adzukulu,
akukhomera khasu mumpini.
Wapampando anatulutsa malamulo athu kuti awerenge.
Iwo anati, bwezani m'thumba,
eni nkhalango ino agona apawa sawerenga.
Pano nkhwangwa imalowa tsiku la maliro lokha,
ndipo imayamba yapepesa.

Ndinachita manyazi ndi inki yanga yofiira.

Tinakhala pansi mpaka mithunzi kutalika.
Anati mbande zomera pansi pa mitengo iyi tikupatsani,
adzukulu adzadzala okha m'gombe monse,
tione amene adzadule mwana wa mtengo wa kumanda.
Koma nanunso kope lanulo limve chisoni:
wofedwa asaphonye tsiku lake la madzi,
anzake amthirire iye akulira.
Wapampando anati zimenezo mulibe m'malamulo.
Ine ndinali nditalemba kale.

Mvula yoyamba itagwa tinasenza mbande m'malichero.
Zuze anasenza mitolo iwiri, osayang'ana munthu,
zikhatho zake zakuda bii ndi makala.
Sindinafunse.
Pa dzina lake sindinafufute kanthu,
ndinangowonjeza pambali: mikuyu khumi ndi isanu.

Mitengoyo lero ikundifika m'mawondo.
Mbuzi zadya isanu ndi umodzi,
madzi osefukira a mu Febuluwale atenga ina.
Mchenga ukubwerabe,
a kumchira akunditukwanabe Loweruka lililonse.

M'bandakucha ndimapita kukatsekula geti.
Chitsulo chimalira, madzi amazengereza kaye
ngati mlendo pakhomo,
kenaka amalowa.
Nthawi zina amabwera ndi tsamba la mkuyu,
limodzi, lachikasu, lochokera kumtunda kuja.
Ndimalitola, ndimaliyika pakati pa kope,
pa tsamba lachinayi.